Mtengo wa Thukuta Lanu: Malangizo kwa Amisiri Achinyamata

Ana anga, kaya luso lanu munalitenga ku Soche, ku Nasawa, ku Namitete kapena ku Mzuzu Technical, kaya munalitola pang'onopang'ono mukuthandizira amisiri a ku Mchesi ndi ku Ndirande, pali funso limodzi limene silibwera pa mayeso koma lidzakupezani tsiku lililonse. Mwini nyumba wakuonetsani mpopi wodontha, chitseko chokana kutsekeka kapena khoma long'aluka, kenaka akuyang'anani kumaso n'kufunsa kuti, "Ndiye amisiri, mutitchaja zingati?"

Achinyamata ambiri amapunthwa pomwepa. Wina amakanda m'mutu n'kuyankha kuti, "Bwana, muona nokha," ndipo madzulo amabwerera kwawo atafumbata ndalama yosakwana ngakhale ndiwo. Wina amayamba waponya maso pa galimoto ili pabwalo ndi pa nsapato za mwini nyumba, n'kutchula mtengo woti akaufotokoze sangathe. Woyambayo amafa ndi njala ali ndi luso m'manja, wachiwiriyo amadya kamodzi n'kutsekeredwa geti mpaka kalekale. Chimene ndikufuna kukusiyirani n'chakuti mtengo wachilungamo ndi umene inu mungaufotokoze mosachita manyazi, mwini ntchito n'kuumvetsa osadandaula mumtima kuti waberedwa. Mtengo wotere umachita kuwerengedwa, ndipo kuwerengako kumayambira pa ola lanu.

Kuno kwathu sitinazolowere kulipiritsa pa ola. Timagwirizana pa ntchito: chipinda chimodzi kupenta, mwakuti, matailosi pa sikweya mita, mwakuti, nyumba kuchoka pa maziko kufika pa windo, mwakuti. Njira imeneyi ndi yabwino ndipo musaitaye. Koma mmisiri amene sadziwa mtengo wa ola lake ndi wa tsiku lake sangatchule bwino mtengo wa ntchito yonse, chifukwa ntchito iliyonse ndi maola ophatikiza. Kasitomala muzimuuza mtengo wa ntchito, koma inu mumtima muzidziwa kuti m'katimo muli maola angati ndipo ola lililonse likukupatsani zingati.

Poyambira pake ndi malipiro otsikitsitsa amene boma limakhazikitsa. Mu February 2024 malipirowa anakwera kuchoka pa K50,000 kufika pa K90,000 pamwezi. Mukagawa K90,000 ndi masiku 26 ogwira ntchito mupeza pafupifupi K3,460 patsiku, ndipo mukagawanso ndi maola 8 mupeza pafupifupi K433 pa ola. Ziwerengerozi zimasintha, choncho muzifunsa ku ofesi ya zantchito ya m'boma lanu kuti pakali pano zili pati. Koma mvetsani bwino kuti ndalama imeneyi ndi ya munthu wolembedwa ntchito, amene tsiku lililonse ali ndi kopita, zipangizo amazipeza komweko, ndipo mwezi ukatha amalandira kaya ntchito inalipo yambiri kaya inachepa. Inu woyenda ndi chikwama cha zipangizo kumsana mulibe zonsezi. Hamala ndi yanu, levulo ndi yanu, giranda ikapsa mugula nokha, mukadwala malungo sabata imeneyo simulandira kalikonse. Mmisiri wodziimira payekha akalipiritsa molingana ndi malipiro otsikitsitsa ndiye kuti akulandira zochepa kuposa munthu amene sanaphunzire luso lililonse.

Ndiye werengani motere. Khalani pansi ndi kope, mulembe zimene banja lanu limafuna pamwezi: lendi, ufa, ndiwo, makala, sopo, fizi, mayunitsi a magetsi ndi a foni, ndi kangachepe kosunga. Tiyerekeze kuti zonse zakwana K300,000. Chiwerengerochi n'chongophunzitsira, inu muikepo chanu. Cholakwika chimene ambiri amachita ndi kugawa ndalamayi ndi masiku 26. Palibe mmisiri wa maganyu amene amagwira ntchito yolipidwa masiku onsewo. Pali masiku oyenda kukaona ntchito imene pamapeto pake ipatsidwa kwa wina, masiku odikira simenti imene mwini wake sanagule, masiku a mvula, masiku a maliro, masiku othamangitsa ngongole. Ngati mwezi wanu uli ndi masiku 15 olipidwa, ndiye kuti tsiku lanu liyenera kubweretsa K20,000, kutanthauza K2,500 pa ola. Pamwamba pake muonjezerepo ya kutha kwa zipangizo, ya thiransipoti ndi ya wokuthandizani. Chimene chatuluka pamenepo ndiwo mzere wanu. Mungathe kukwera pamwamba pake ntchito ikakhala yovuta kapena yoopsa, koma kutsika pansi pake ndi kudya mpamba wanu womwe. Mayi wogulitsa tomato pamsika amadziwa kuti dengu anapikula pa ndalama zingati ndi kuti minibasi yadya zingati, n'chifukwa chake mukanenerera pali malire amene sapyola ngakhale mumunyengerere chotani. Inunso dengu lanu lidziweni.

Tsopano nkhani ya malo. Ntchito imodzimodzi, ya manja omwewo, ili ndi mtengo wina ku Area 47 mu Lilongwe, wina ku Chinsapo, wina pa boma la Ntchisi, winanso kumudzi. Kusiyanaku sikuti nthawi zonse ndi umbava, ndipo muyenera kudziwa chimene chimakubweretsa kuti muzitha kukufotokoza.

Choyamba ndi mtengo wa moyo pamalopo. Mmisiri wokhala mu mzinda amalipira lendi, amagula chilichonse mpaka madzi ndi nkhuni. Wa kumudzi amagona m'nyumba yake, ali ndi chimanga m'nkhokwe ndi masamba kudimba. Akawerenga zofunika pamwezi, mzere wa wa kumudzi utsika, ndipo akhoza kulipiritsa mochepa osadzipweteka. Komanso kumudzi mwini nyumba amasenza mbali ya ntchito: njerwa waumba ndi kuotcha yekha, madzi akutunga ndi a pabanja pake, nsima ya masana ikuchokera kukhitchini kwake. Mu tauni madzi muyang'ana nokha, chakudya mugula nokha. Choncho mukapita kukamanga kwanu kumudzi musanyamule mtengo wa ku Namiwawa n'kukauika pamutu pa amalume anu, ndipo mukabwera mu tauni musabwere ndi mtengo wa kumudzi.

Chachiwiri ndi ulendo. Munthu wa ku Bangwe woitanidwa ku Chirimba akwera minibasi kangapo, ndipo pofika dzuwa lakwera kale. Ngati ntchito yake ndi yosintha kampira ka mumpopi, ya mphindi zochepa chabe, theka la tsiku lapita ndithu. N'chifukwa chake muyenera kukhala ndi mtengo woyambira, umene simutsika ngakhale ntchito ichepe chotani, ndipo muziunena pafoni musananyamuke. Mafuta akasowa kapena akakwera, minibasi ndi kabaza zimakwera tsiku lomwelo, ndiye ya thiransipoti muziyitchula payokha kuti mwini ntchito aone kuti si inu mwakweza. Kumalo akutali ngati Chitipa, Nsanje kapena pa chilumba cha Likoma, kumene katundu wambiri amafika pa sitima ya Ilala, chitsulo chimodzi chikasowa mukhoza kukhala masiku osagwira ntchito. Masiku amenewo agwirizanidwe musanapite: mugona kuti, mudya chiyani, ndipo tsiku lodikira katundu lilipidwa motani.

Chachitatu ndi zimene ntchitoyo ikufuna. Kumayadi, m'maofesi ndi m'malo ogona alendo a m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, Salima ndi Nkhata Bay, mtengo umakwera chifukwa akufuna mzere woongoka, matailosi osagogoda, penti wosadontha pansi, kusunga nthawi, ndi kusesa mukamaliza. Katundu amene mukugwira ndi wodula, ndipo mukaswa sinki kapena galasi mudzalipa ndinu. Kumeneko mukulipiritsa maola oonjezera a kusamala ndi chiopsezo chimene mwasenza. Zimenezo n'zomveka. Chosamveka ndi kukweza kawiri pa ntchito yomweyo chifukwa mwaona mpanda wautali kapena mwamva kuti mwini wake ali ndi mwana kunja. Anthu a kumayadi amafunsana, ndipo dzina la mmisiri wokweza mopanda chifukwa limayenda msanga kuposa la mmisiri waluso.

Chachinayi ndi nyengo. Misika ya fodya ikatsegulidwa ku Kanengo, Chinkhoma, Limbe ndi Mzuzu, ndalama zimalowa m'maboma ngati Kasungu, Dowa ndi Mchinji, anthu amagula malata, ndipo amisiri amachepa poyerekeza ndi ntchito. M'chilimwe monse mpaka mvula yoyamba ndi nthawi yanu yokolola. Ikafika January ndi February, anthu ali kumunda, matumba auma, ndipo mudzapeza amisiri anzanu akuvomera chilichonse kuti ana adye. Wanzeru amasunga m'miyezi yabwino kuti m'miyezi ya njala asagulitse tsiku lake pa mtengo wa mbale ya ufa. Mukalipidwa ndi chimanga, mbuzi kapena nkhuku, monga zimakhalira kumudzi, muziwerengere pa mtengo wa pamsika wa tsiku lomwelo, pokumbukira kuti thumba la chimanga la mu May ndi la mu January si ndalama zofanana. Ndipo pa nyengo ya tsoka gwirani mtima. Namondwe wa Freddy atagwetsa nyumba ku Chilobwe, Mulanje ndi Phalombe mu March 2023, manja a amisiri anafunika kwambiri. Nthawi ngati imeneyo lipiritsani mtengo wanu wa masiku onse. Kukweza pa munthu amene akugona m'kalasi ndi ana ake n'chinthu chimene mudzi suiwala.

Ambiri mwa inu maso ali ku Joni, ena ku Mangalande, ndipo mumamva ziwerengero zozunguza mutu. Kumeneko malamulo amawerengeradi pa ola. Ku South Africa malipiro otsikitsitsa a dziko lonse anayamba mu January 2019 pa R20 pa ola, ndipo mu March 2025 anafika pa R28.79. Ku Britain, mu April 2025 boma linakhazikitsa kuti munthu wa zaka 21 kupita m'tsogolo asalandire zochepera £12.21 pa ola. Ngakhale kumeneko malo amasiyana: bungwe la Living Wage Foundation, limene limawerengera ndalama zoti munthu akhalire moyo, mu 2024 linaika £13.85 pa ola mu London ndi £12.60 kwina konse m'dzikomo, chifukwa nyumba ndi maulendo mu London n'zodula. Mukaona ziwerengerozi musathamangire kuzisintha kukhala makwacha. Funsani kaye kuti kachipinda ndi zingati, sitima kapena takisi yopita kuntchito ndi zingati, chakudya ndi zingati. Chotsala m'manja mwezi ukatha ndicho malipiro enieni. Abale athu amene amaima pafupi ndi masitolo a zomangira mu Johannesburg atanyamula chikwangwani cholemba luso lawo amadziwa kuti tsiku la ku Sandton ndi la ku Soweto si limodzi, ndipo amadziwanso kuti munthu wopanda mapepala akamanidwa malipiro ake amasowa kokadandaula. Mukafuna kupita, pitani ndi mapepala oyenera ndi satifiketi ya luso lanu, ndipo mukafika funsani amene anakutsogolerani musanatchule mtengo. Safunsa anadya phula.

Pali ntchito zoyenera kulipiritsa pa ntchito yonse, ndi zina zoyenera kulipiritsa pa tsiku. Imene mukuiona ndi maso n'kuipima ndi tepi, monga kupenta, kuyala matailosi, kukhoma siling'i kapena kumanga mpanda, tchulani mtengo wa yonse. Pamenepo luso lanu likamakula ndipo mukamafulumira, phindu la kufulumirako ndi lanu. Imene yabisika, monga paipi yodontha m'kati mwa khoma, mawaya a nyumba yakale kapena denga limene simudziwa kuti chiswe chadya mpaka pati, musalumbire mtengo musanatsegule. Nenani kuti, "Bambo, lero ndilipiritsa ya kufufuza, ndikaona vuto ndikuuzani mtengo wokonzera." Ndipo mukagwirizana pa tsiku, tsikulo likhale lathunthu. Mmisiri wofika mochedwa, wokhalira foni, wokoka ntchito ya masiku awiri kuti ikwane anayi, akuba ngati mmene amabera womana malipiro. Mukaitanidwa usiku, Lamulungu kapena pa tchuthi, kukweza n'koyenera. Ngakhale lamulo la zantchito la chaka cha 2000, limene limaika maola 48 pa sabata, limati ovataimu ilipidwe mokwera kuposa maola wamba. Koma nenani zimenezi musanagwire chipangizo.

Leba ndi katundu muzizilekanitsa nthawi zonse. Lembani mndandanda wa zofunika, mwini ntchito akagule yekha kapena mupite naye limodzi. Mukatumidwa nokha, bwerani ndi malisiti ndi chenji. Kubisa phindu m'mtengo wa simenti kapena kulemba matumba khumi pofunika asanu ndi atatu kumaoneka kokoma tsiku limenelo, koma kukadziwika simudzakhulupiriridwanso ngakhale pa msomali umodzi. Ngati kukagula katundu kukudyerani theka la tsiku, litchuleni poyera ngati ntchito. Kulekanitsaku kumakutetezaninso inu. Mu May 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu November 2023 ndi 44 peresenti. Mmisiri amene anali atavomera ntchito yonse pamodzi ndi katundu pa mtengo wakale anapezeka akumaliza nyumba ya mwini ndi ndalama za m'thumba mwake. Choncho pa kotesheni iliyonse lembani tsiku, ndipo nenani kuti mtengowu ukhala masiku angati usanaunikidwenso.

Mgwirizano ulembedwe, ngakhale pa tsamba la kope kapena pa uthenga wa WhatsApp: ntchito ndi iti, mtengo ndi uti, ndalama zibwera liti. Pa ntchito yaikulu gawani malipiro m'magawo, maziko akatha, khoma likafika pa windo, denga likafoleredwa, kuti pasakhale wosenza ngongole yaikulu ya mnzake. Mukalandira pa Airtel Money kapena pa Mpamba, uthengawo usungeni. Mwini ntchito akati, "Poti muli pompano, tangoonaninso soketi iyi," yankhani mwaulemu kuti muiona, ndipo mtengo wake ndi wakuti. Kantchito kakang'ono kamodzi mukhoza kukapereka ngati basela mwa kufuna kwanu, koma "tangoonaninso" akachuluka amatha tsiku lathunthu. Dipoziti ya ntchito ino musakayambire ntchito ina. Chizolowezi chimenechi ndicho chaipitsa dzina la amisiri ambiri, mpaka anthu amaopa kutipatsa ndalama patsogolo.

Za abale ndi a kumpingo ndi zimene zimavuta kwambiri. Chibale n'fupa, sichiola, ndipo sindingakuuzeni kuti muzilipiritsa agogo anu pokhoma chitseko chawo. Amasiye, okalamba ndi odwala athandizeni ndi mtima wonse. Koma kwa m'bale amene ali ndi ndalama zomangira nyumba ya malata, tchulani mtengo wonse kaye, kenaka munene kuti, "Achimwene, pamenepa ndachotsapo mwakuti chifukwa ndinu a kwathu." Mukatero iye adziwa kukula kwa mphatso imene mwamupatsa, ndipo akakakutchulani kwa anzake sakanena mtengo wa chibale ngati mtengo wanu wa masiku onse.

Musaiwale amene ali pansi panu. Dakaboyi amene akukandirani matope ndi kukusenzerani njerwa nayenso ali ndi mzere wake. Malipiro ake muwaike m'kotesheni kuyambira pachiyambi, ndipo mumulipire pa tsiku limene munagwirizana, kaya bwana wakulipirani kaya sanakulipireni, pakuti amene munamulemba ndinu. Simungadandaule za kuponderezedwa m'mawa n'kumapondereza mnzanu madzulo. Ndipo inu atsikana amene mwalowa ntchito za magetsi, za mipopi ndi zowotcherera, khoma silifunsa kuti walimanga ndani. Mtengo wanu ukhale wofanana ndi wa amuna a luso lofanana nalo, ndipo musapepese poutchula.

Njira yokhazikika yokwezera mtengo wanu ndi kukweza luso. Lembani mayeso a luso lanu, tsatirani maphunziro amene amadzera ku TEVETA, ndipo ngati muli a magetsi pezani chilolezo cha MERA musanayambe kuyala mawaya m'nyumba za anthu, chifukwa pamenepo cholakwika chimodzi chimapsereza banja. Ntchito imene simuidziwa ikaneni, mulozere mnzanu woidziwa. Mawa iyenso adzakulozerani yanu. Ntchito yanu ikalakwika chifukwa cha dzanja lanu, bwererani mukakonze osalipiritsa. Akulu anati ukayenda siya phazi, ukasiya mlomo ukutsata. Mmisiri amene amafika nthawi yake, amabweza chenji ndi kuyankha foni ntchito itatha, anthu amamudikira ngakhale pali wotchipa pafupi, chifukwa aphunzira kuti kukonzetsa kawiri n'kodula kuposa kulipira bwino kamodzi. Ndipo musamaphane nokhanokha potsitsa mitengo kuti mulande ntchito ya mnzanu. Mukatsitsa pansi pa mzere, mudzakakamizika kuchepetsa simenti kapena kuthawa ntchito isanathe, ndipo mtengo wa dera lonse udzagwa pamodzi nanu. Amisiri a dera limodzi muzikambirana momasuka za mmene zinthu zakwerera ndi maola amene ntchito zimadya.

Yambani sabata ino. Gulani kope, ndipo ntchito iliyonse mulembe kumene inali, maola amene yadya kuphatikizapo ulendo, zimene mwawononga ndi zimene mwalandira. Pakatha miyezi itatu werengani. Mudzaona ntchito zimene zimakudyetsani ndi zimene zimakudyani, madera oyenera kupitako ndi oyenera kuonjezera ya ulendo, makasitomala osunga mawu ndi ofunika dipoziti yokulirapo. Kuyambira pamenepo mtengo wanu udzakhala ndi maziko, ndipo mudzautchula ndi mawu odekha, mukudziwa kuti ana anu adya ndipo mwini nyumba walandira ntchito yolingana ndi ndalama zake.